Mwana wanga walemera, sindikuthanso kumubereka popita ku sukulu. Anzanga mumatani?

Mayi wa kwa Mkanda

Abale ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene muli ndi ana aulumali ndi aphunzitsi amene muli muno. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 11, ali sitandade 4, miyendo yake siigwira bwino chidwalire malungo aakulu ali wamng'ono, koma mutu wokha ndi wakuthwa, masamu amachita kuthandiza mlongo wake wa sitandade 6. Chiyambire sitandade 1 ndimamubereka ndine, mmawa kukamusiya masana kukamutenga, ndipo sindinadandaulepo poti ndi mwana wanga. Koma pano walemera, mapazi ake akumandimenya mmawondo ndikamayenda, msana ukumawawa usiku onse, nde iyenso wayamba kuchita manyazi anzake akamamuona ali pachitenje ngati khanda, akumandiuza kuti amayi munditsitsire kuseri kwa tchalitchi ndikwawa ndekha.

Wheelchair tinalandira kwa anthu akufuna kwabwino, tinathokoza ndithu, koma ndi ija ya mchipatala ya timatayala ting'onoting'ono kutsogolo. Njira yathu ndi yamchenga komanso pali kadambo koti mvula ikangoyamba ndi matope okhaokha, timatayalato timangotitimira olo ukankhe bwanji. Bambo ake ali ku ganyu ku Zambia, anasiya njinga yakale mnyumba. Kabaza tsiku ndi tsiku sindingakwanitse. Ndikapita kumunda amandilandira ndi mlongo wakeyo, nde amafika mochedwa awiri onse pena kujomba kumene. Kodi boma lili ndi njira yonyamulira ana oterewa? Ngati palibe ndipite kwa ndani? Sindikufuna asiye sukulu mwanayu.

Mphunzitsi wa pulayimale, Mchinji

Mayi pepani, komanso zikomo kuti simunamubise mnyumba mwanayo. Ndikuuzeni zoona zake kuti musataye nthawi: basi yonyamula ana a sukulu za boma mmidzi muno kulibe, mabasi amene mumaona olembedwa mayina a sukulu ndi a sukulu zolipira za mtauni. Pulayimale yaulere inayamba 1994 koma chinachoka ndi fizi, mtunda unatsala pomwepo. Unduna unatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali lolowa mmalo mwa lija la 2012, ndi lomwe lapangitsa kuti bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA lizitchedwa MACODA. Ufulu wa mwana wanu ophunzira sukulu yapafupi ndi kwawo limodzi ndi anzake ndi olembedwa ndithu, nde mukamapita mmaofesi musamapite ngati opempha chifundo.

Yambani ndi ahedi. Afunseni ngati mwanayo analembedwa pa mndandanda wa ana ofunika thandizo lapadera, chifukwa manambala amenewo ndi amene amapita kwa a PEA, alangizi a maphunziro a mu zoni, ku ofesi yawo ya TDC mpaka ku ofesi ya maphunziro pa Boma, mwana osalembedwa kumeneko saoneka olo akhale kuti amabwera daily. Mufunsenso ngati mu zoni yanu muli mphunzitsi wa special needs, aja anaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu, ena mwa iwo amayendera masukulu angapo. Chachiwiri, sukulu iliyonse imalemba pulani yake ya chitukuko pamodzi ndi komiti, PTA ndi mother group, ndipo ndalama ya boma yotukulira sukulu, ija amati SIG, imagwiritsidwa ntchito potsata pulaniyo. Ndi yochepa inde, siingagule galimoto, koma tayala, chubu, kuwotcherera mpando, kuthira simenti pakhomo la kalasi kuti wheelchair izikwera, zimenezo ingathe. Vuto ndi loti makolo a ana aulumali sabwera ku msonkhano olemba pulaniwo nde nkhani yawo siilowa. Pitani mukayankhule, mutengenso kholo lina ngati lilipo.

Muonenso a social welfare. Mtukula Pakhomo anayambira kuno ku Mchinji mu 2006 ndipo mabanja amene ali mmenemo amalandira kowonjezera pa mwana aliyense amene ali pa sukulu. Sikuti aliyense amalowa ayi, amasankha mabanja osaukitsitsa opanda owagwirira ntchito, koma kufunsa sikulakwa.

China chimene anthu amaiwala ndi chimbudzi. Ndinaphunzitsapo mwana amene amafika bwinobwino pa njinga koma samamwa olo phala la pa sukulu kuopa kuti angafune kupita kuchimbudzi, poti amayenera kukwawa ndi manja pansi ponyowa paja. Mukamakamba za mayendedwe muikepo ndi chimenechi.

Wakabaza pa Kamwendo

Mayi njinga imene anasiya bambo akeyo ndi chuma, musaiderere. Ine ndimanyamula mwana wa achemwali anga wa vuto longa lomwelo. Tinapita kwa owotcherera kuti keriyala ayikulitse, anaika chotsamira kumbuyo ndi tizitsulo mmbali mofika mchiuno, tinayala siponji ndi kukutira ndi lekizini ngati mmene timachitira pa kabaza. Chofunika kwambiri ndi popondera komanso kutchinga masipoko. Mwana oti miyendo siigwira sadziwa kuti phazi lalendewera, ena samva nkuwawa komwe, umangozindikira chidendene chalowa mu wilo magazi ali chuchuchu. Ife tinadula chigubu cha mafuta ophikira chija cha 20 litazi, mbali ziwiri, nkumangirira ndi waya uku ndi uku. Mchiuno timamumanga ndi chitenje ku chotsamiracho, osati chingwe kapena mphira wa chubu, zimenezo zimadula khungu.

Njinga yamoto ine sindikulimbikitsani, anyamata ambiri amathamanga, helemeti ya mwana alibe, ndipo mwana amene sangathe kupana mpando ndi miyendo pa bampu amadumpha. Yakapalasa ikafika pa matope umatsika nkumakankha iye ali pompo.

Ngati inu simupalasa pezani wakabaza mmodzi wa mmudzi mwanu momwemo, odziwika kwa amfumu, mupangane za pa mwezi osati za pa ulendo, zimatsikirako mtengo. Ena amalola kulandira soya kapena mtedza pokolola bola mwagwirizana pali mboni. Kungoti musamunamize pa malipiro chifukwa chitsikire kwacha ndi 44% mu November 2023 matayala ndi machubu sizikugwirika, nafenso tikulira.

Bambo wa ku Kasungu

Bwanji osangomutumiza ku sukulu yogonera komweko? Kuno kuli Chilanga, ana amagona pompo, za mayendedwe siziwavuta. Mayi mupumeko inunso msanawo.

Mkulu wa ku Kapiri

Bambo a ku Kasungu mwanena ndi mtima wabwino koma Chilanga ndi ya ana osaona, ali ndi zawo za Braille ndi aphunzitsi ake. Mwana uyu amaona, amamva, masamu akukhoza, palibe chimene akusowa mkalasi. Chimene chamuvuta ndi mchenga ndi dambo basi. Kumuchotsa pakhomo pa mayi ake ali ndi zaka 11 chifukwa cha dambo ine ndikuona kuti sibwino, za kugonera tidzakambe akadzakhoza mayeso a sitandade 8.

Ine ndine waulumali, poliyo inandigwira ndili mwana kale kale. Sukulu ndinayamba mochedwa ndipo ndimapita chokwawa, mapatapata ndimavala mmanja, mmawondo agogo anandisokera zidutswa za tayala. Mwezi wa October mchenga umaotcha mpaka zikhatho kusupuka, nthawi ya mvula yunifolomu imafika ili matope, aphunzitsi ena amandimvetsa ena ayi. Chinasintha moyo wanga ndi njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Tsiku limene ndinayamba kupita ndekha osadikira munthu, ndi limene ndinayamba kukhala nawo ku masewero, ku kwaya, kutsalira ndi anzanga kuwerenga madzulo. Mayi mvetsetsani apa, mpando wa pa keriyala umene anena akabazawo ndi wabwino kwambiri ndipo muyambe ndi umenewo mawa lomwe, koma mwana wobereka kapena wokwezedwa amaweruka nthawi imene omutengayo wafika, sasankha. Akukula uyu. Ngati manja ake ali ndi mphamvu, cholinga chanu chikhale njinga yoti azidziyendetsa yekha.

Nde wheelchair sakhala yongolandira iliyonse. Imafunika kumuyeza mwanayo, mchiuno, kutalika kwa miyendo, mmene amakhalira, komanso kuyang'ana njira imene aziyenda. Ya mchipatala ija anaipangira pa simenti. Zilipo zopangira njira zakumudzi, za tayala limodzi lalikulu kutsogolo, komanso zopalasa ndi manja zija zimene matayala ake ndi a njinga wamba moti zikaphulika makaniko aliyense pa Mkanda pompo amata. Yaikulu kwambiri imapinditsa msana, yothina kapena yopanda khushoni imabweretsa zilonda za mmatako, ndipo zilonda zimenezo zimagoneka mwana teremu yathunthu. Muzimuyang'ana madzulo pomusambitsa, mukaona pofiira kapena podera posachoka musachedwe.

Yambirani ku chipatala cha pa Boma, mufunse a physio kapena a mafupa, iwo ndi amene amalemba kalata yokutumizani kwina. A MAP, aja kale timati Malawi Against Polio pano ndi Malawi Against Physical Disabilities, ndi akatswiri pa njinga zimenezi. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli malo amene anayambitsa a bungwe la 500 Miles opanga zitsulo zothandizira miyendo ndi miyendo yoikirira, mwina atamuona akhoza kupeza kuti ndi zitsulo ndi ndodo angathe kuyenda pang'ono mkalasi ndi kuchimbudzi. Ndipo mufufuze anzathu a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, kukhala pagulu kumathandiza, ofesi imamva msanga anthu khumi kusiyana ndi mayi mmodzi.

Koma chandiwawa kwambiri mu nkhani yanu ndi mtsikanayo. Sitandade 6 ndi pamene atsikana ambiri amayambira kugwa, nde akamajomba chifukwa cha mlongo wake mutaya awiri. Mchemwali wanga ine anasiya sukulu chifukwa chondinyamula, mpaka lero ndikamuona akuvutika mtima umandipweteka. Chonde mumuchotse pa ntchito imeneyi.

Mayi wa mother group, Waliranji

Akulu a ku Kapiri mwayankhula zonse, ine ndingoonjezera za dambolo. Kwathu kunalinso malo otero, tinapita kwa amfumu ife amayi, tinawauza kuti pamenepa sipovutikira mwana waulumali yekha, ana a sitandade 1 amagwapo, amayi oyembekezera amavutikapo, odwala pa njinga amachita kutsika. Amfumu analamula tsiku la chitukuko, amuna anatuta miyala ndi zidutswa za njerwa pa ngolo, ife mchenga ndi dothi lachiswe mmabigiri, pakati anaika mitengo kuti madzi azidutsa pansi. Chaka ndi chaka timathiranso isanagwe mvula. Kalavati yeniyeni tinalembetsa ku komiti ya chitukuko ya mmudzi (VDC) kuti ipite ku komiti ya dera lonse (ADC) mwina ndalama ya chitukuko ya CDF idzatikumbukira, koma sitinakhale pansi kudikira.

Miyezi ya January ndi February zikafika povuta eni ngolo amasinthana, uyu sabata ino uyu sabata yamawa, amanyamula mwanayo pamodzi ndi ana ang'onoang'ono a mmudzimo, nde iye saoneka kuti ndi yekha wonyamulidwa, amapita akuimba ndi anzake.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kupita mtsogolo ali ndi ulumali wina wake. Nde mukayang'ana mkalasi muli ana oposa 100 koma waulumali mmodzi kapena palibe, mwina ena ali mmakomo. Ife tikamayenda khomo ndi khomo timawapeza, makolo ake amati tingamutengere pati. Mayi mukafunsa bwino mmidzi yoyandikana nanu mupeza anzanu, ndipo wakabaza mmodzi kapena ngolo imodzi mukhoza kusonkherana.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ana aakazi, chenjerani posankha omunyamula. Mwana oti sangathawe asamayende ndi mwamuna osadziwika awiriwiri njira ya mtchire, pazikhala anzake oyenda nawo limodzi ndipo nthawi yofika izidziwika.

Mayi wa kwa Mkanda

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni, ndawerenga mobwereza. Njinga ndaitulutsa, felemu ili bwino koma matayala onse anatha ndi tcheni chachita dzimbiri. Ine ndimapalasa, nde ndikagulitsa mtedza ndiyamba ndi mpandowo, Lolemba ndikaonana ndi ahedi za mndandanda uja ndi za pulani. Manja ake ndi amphamvu kwambiri akulu a ku Kapiri, amakwera yekha pa khonde. Funso langa kwa akabaza, wheelchair ija nditani nayo poti pa njinga sitinganyamule zonse, mwana ndi iyo?

Wakabaza pa Kamwendo

Musamayende nayo mayi, ikakhale ku sukulu konko. Mupemphe ahedi azikusungirani mu ofesi kapena mu sitolo ya mabuku, mmawa mukafika anzake awiri aziitulutsa, poweruka aziibweza. Pa bwalo la sukulu ndi mkalasi pouma igwira ntchito bwino ndipo ikhalitsa kusiyana ndi kuikoka mmatope. Tcheni musagule msanga, chiviikeni mu oyilo wakutha usiku umodzi muone ngati chimasuka, ndalamayo ipite ku matayala ndi mabuleki. Kwa owotcherera mupite naye mwanayo amuyeze atakhala pa keriyalapo, chotsamira chifike mmapewa ndipo popondera pakhale pomwe mapazi ake afika osati pa muyezo wa munthu wamkulu.