Propozo ya eDNA ya nsomba za m'nyanja, ma reviewer amafuna chani?

mwanawanyanja:
Abale thandizeni, ndikulemba propozo yopempha thandizo ku WIOMSA (bungwe la sayansi ya m'nyanja la chigawo cha kumadzulo kwa Indian Ocean), ndikufuna kutenga madzi m'mbali mwa nyanja ku Pemba ku Mozambique ndione mitundu ya nsomba kudzera mu eDNA (DNA yomwe zamoyo zimasiya m'madzi). Bajeti yandisokoneza ndipo sindikudziwa ma reviewer amayamba kuyang'ana pati.

kapitao_lab:
Achimwene, funso lanu likhale limodzi komanso lomveka, osati "tiona zonse zili m'madzimo". Ine ndikamawerenga mapropozo ndimathamangira ku sampling: malita angati pa malo amodzi, mubwereza kangati, fyuluta yanji, ndipo ma negative control (masampo a madzi oyera opanda DNA ya nsomba, oonera ngati DNA yakunja yalowerera) alipo? Akasowa amenewo ndimadziwiratu kuti munthuyu contamination idzamupweteka ndipo zotsatira zake palibe adzazikhulupirire. Primer (kachidutswa ka DNA kosakira DNA yomwe mukufuna mu sampo) nayonso itchuleni, ambiri pa nsomba amagwiritsa primer ya MiFish ya jini ya 12S, koma muvomereze kuti nsomba zambiri za ku Indian Ocean mu database ya DNA yofananizira mulibe ndiye zina zidzathera pa genus (gulu la mitundu yofanana) basi.

nachisale22:
Musaiwale mapepala a chilolezo. Nagoya Protocol (pangano la mayiko pa kagwiritsidwe ntchito ka chibadwa cha zamoyo za dziko lina) inayamba kugwira ntchito 2014, masampo simungangowatulutsa m'dziko opanda chilolezo cha boma la eni ake, ndipo zimatenga miyezi, ikani mu timeline.

kapitao_lab:
Eya, ndipo pa bajeti sequencing (kuwerenga DNA mu lab) sindiyo imadya ndalama yokha ayi, boti, mafuta, kutumiza masampo ozizira, zonsezo muwerengere. Munenenso kuti data mudzaiika ku ENA kapena NCBI, nkhokwe za pa intaneti zosungira data ya DNA.

mwanawanyanja:
Zikomo akuluakulu, za chilolezozo ndiyamba mawa.