Ndapeza ntchito yosamalira mahatchi koma ndikuwaopa

Wa ku Chibavi:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Mwezi watha ndinalembedwa ntchito pa famu ina kunja kwa Mzuzu, yomwe imasunga mahatchi anayi. Ndinakula ndikuweta ng'ombe kumudzi, choncho ndinkaganiza kuti hatchi ndi ng'ombe yopanda nyanga chabe. Tsiku lachitatu ndikuchotsa ndowe m'khola, hatchi ina inaponya theche lomwe linandiphonya pang'ono n'kuthyola thabwa, ndipo kuyambira pamenepo manja amanjenjemera ndikangogwira chitseko cha kholalo. Ntchitoyi sindikufuna kuisiya. Kodi mantha otere amatha?

Mkulu wa ku Luwinga:
Mwana wanga, funso loyamba ndi lakuti munaima pati pamene thechelo linkaponyedwa. Ndikukhulupirira kuti munali kumbuyo kwake ndipo munafika mwakachetechete. Maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu, moti imaona pafupifupi mozungulira monse, kupatula kumbuyo kwenikweni ndi patsogolo penipeni pa mphumi pake. Makolo ake kutchire ankadyedwa ndi zilombo monga zimachitikira mbidzi za ku Nyika, kotero chinthu chotulukira pamalo pomwe siikuona imachiyesa mdani. Sinakudeni inu ayi, inadzidzimuka.

Ine ndinasamalirako mahatchi zaka zingapo m'mbali mwa nyanja, ndipo miyezi yoyamba ndinkaopa kuposa inuyo. Chinandithandiza si kukwera pachishalo, koma kupesa. M'mawa uliwonse ndinkafikira hatchi chapaphewa ndikuyankhula nayo motsitsa mawu, kenako n'kuyamba kuipesa khosi, dzanja lina lili pathupi pake kuti idziwe pomwe ndili. Muziyang'ana makutu: akaloza kutsogolo ndiye kuti ikumvetsera china chake, koma akagona chakumbuyo n'kumamatira kukhosi, patukani. Nditaphunzira kuwerenga zimenezi mtima unakhala pansi, ndipo chodabwitsa n'chakuti ngakhale kunyumba ndinasiya kukalipa, chifukwa nyama yolemera makilogalamu pafupifupi 500 inandizoloweretsa kupempha mofatsa zomwe sindingazipeze ndi mphamvu.

Mayi a ku Katoto:
Zomwe anena bambowa ndi zoona, komabe ine ndikusiyana nawo pang'ono. Achimwene, musafune kuti mantha onse athe. Mlongo wanga anathyoka nthiti osati ali mlendo pantchito, koma atazolowera n'kuyamba kudutsa kumbuyo kwa hatchi akuseweretsa foni. Ndiponso si bwino kuti munthu wa masiku atatu asiyidwe yekha m'khola momwe muli hatchi yosamangidwa. Pemphani abwana anu kuti hatchiyo izitulutsidwa kapena kumangidwa mukamasesa, ndipo chingwe chake musamachikulunge kudzanja, chifukwa ikathawa mwadzidzidzi ikhoza kukukhwekhwerezani. Kupempha zimenezi si ulesi.

Wa ku Chibavi:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo, mwalasa, ndinalidi kumbuyo kwake ndipo sindinayankhule kanthu. Dzulo ndinapempha mnzanga wapantchito kuti agwire chingwe, ine n'kuipesa khosi ndi phewa kwa mphindi khumi. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunali kachifunga kathu kaja kozizira, koma hatchiyo inatsitsa mutu n'kuyamba kuwodzera ili chiimire. Za ziboda sindinayerekeze n'komwe. Kodi mwendo wakumbuyo mumaunyamula mutaima chotani?