Aneba athu akayambana, ife tingatani?

Mnyamata wa ku Ndirande:
Abale ndithandizeni maganizo. Dziko lathuli doko tilibe, mafuta, feteleza, mankhwala zonse zimadutsa kwa eni, kaya Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Nde tiyerekeze maiko awiri otizungulirawa ayambana mpaka kutseka malire, kapena nkhondo ya ku Congo ija yafalikira kuno, ife tikonzeka bwanji? Tigule zida kapena?

Madala a ku Chilomoni:
Mwana wanga izi si zoyerekeza ayi, tinaziona ndi maso. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique inatha mu 1992, koma m'ma 1980 njanji za ku Beira ndi Nacala zinafa, katundu ankachita kuzungulira mpaka ku Durban ndipo mtengo wa transipoti unatipweteka kwambiri. Asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala ena osabwerako. Othawa nkhondo anadutsa 1 miliyoni, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza kunali anthu okhaokha, mitengo inatha ndi nkhuni. Njira ya kumpoto ya ku Dar ija boma linailimbikitsa nthawi imeneyo chifukwa tinapanikizika, osati kuti tinaganiza kale. Vuto lathu ndi lomwelo, timadzuka moto utafika pa denga.

Dalaivala wa thanki:
Madala anena zoona. Zida musiyeni kaye aise, choyamba ndi mafuta. NOCMA, kampani ya boma yoona za mafuta, ili ndi matanki ku Matindi kuno, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, onse pamodzi malita 60 miliyoni, koma thanki yopanda kanthu ikuthandiza ndani? Kumapeto kwa 2024 ku Mozambique kunangokhala ziwonetsero za zisankho basi, osati nkhondo, koma ife kudutsa Tete kupita ku Beira unali mtima m'mwamba, kuno mizere pa filing'i mpaka anthu kugona m'magalimoto, ngakhale gwero lenileni linali kusowa kwa foreksi. Nde njira zonse zitatu zizigwira ntchito nthawi imodzi, sitima ya Nacala izibweretsa mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama zakunja zosungira zikhalepo chifukwa njira ikatalika mtengo umakwera pompo. Chimanga cha m'nkhokwe za NFRA, bungwe la boma losunga chakudya, nachonso chimodzimodzi, asamachigulitse mwachisawawa.

Mayi a ku Bangwe:
Ine nkhawa yanga ndi anthu. Disembala 2024 anthu masauzande ochokera ku Mozambique anawoloka kulowa ku Nsanje, nthawi ya njala, eni mudzi nawonso alibe chakudya. Mu 2016 othawa kwawo ku Mozambique anadzaza pa Kapise ku Mwanza mpaka anawasamutsira ku kampu ya Luwani. Dzaleka inadzaza kalekale. Bwanji maboma a m'malire osakhala ndi malo okonzeratu, mijigo, zimbudzi ndi mankhwala a kolera? Enawa ndi abale athu enieni, Asena, Angoni, Ayao, malire anangotidula pakati, sungawabweze.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Nanga asilikali achimwene, tingowasiya choncho?

Dalaivala wa thanki:
Ayi, MDF ikhale ndi zipangizo zolondera malire ndi misewu, ndi kudziwa msanga zomwe zikuchitika tsidya linalo. Koma mpikisano wa zida ndi Tanzania kapena Mozambique sitingauthe. Chachikulu tisatenge mbali, tizilankhula ndi onse kudzera ku SADC, ngakhale nkhani ya nyanja ija ndi Tanzania izithera pa tebulo, chifukwa amene mwakangana nayeyo mawa mathanki anu adutsa pa Songwe kupita kwa iye yemweyo.