Mlendo watipatsa nyenyezi imodzi pa Google, ndithandizeni nzeru

Mayi wa loji, Senga Bay: Anzanga, usiku sindinagone. Banja lina la ku Lilongwe linagona kwathu Loweruka, pochoka linatsanzika bwinobwino, kuseka ndithu. Dzulo ndangoona nyenyezi imodzi pa Google. Akuti chambo anachidikira maola awiri, madzi osamba anali ozizira, ndipo mchenga wa pazithunzi zathu sanauone. Kodi zimenezi zimafufutika?

Bambo wa ku Mangochi: Pepani chemwali. Inuyo simungafufute. Google imakulolani kukadandaula ngati munthu watukwana kapena walemba za malo amene sanafikeko n'komwe. Koma ndifunse kaye, chambocho chinachedwadi?

Mayi wa loji, Senga Bay: Chinachedwa achimwene, ndisaname. Chinali mufiriji chouma gwa, mnyamata wakukhitchini anayamba kuchisungunula alendo atakhala kale patebulo.

Mnyamata wa bala, Cape Maclear: Musavutike mayi, uzani azibale khumi alembe nyenyezi zisanu, imodziyo imira yokha.

Agogo a ku Nkhata Bay: Iwe mwana, usawaponyetse m'dzenje anzako. Anthu khumi olemba tsiku limodzi, onse "malo abwino kwambiri", aliyense ndemanga yake yoyamba, ndani sangazindikire? Pa TripAdvisor, tsamba lina lomwe alendo amalembapo ndemanga, akakugwira amatha kukupachikira chenjezo patsamba lako lomwelo. Ine ndikamafuna kogona ku Mzuzu ndimayamba kuwerenga zodandaula, kenako ndimaona mwini malo anayankha bwanji. Amene wayankha mwaukali ndimamulambalala, chifukwa ndikadzadandaula ine adzanditeronso.

Bambo wa ku Mangochi: Za mchengazo mlendo sanalakwe. Nyanja itakwera mu 2024 tonse tinaona madzi akufika pakhonde, ena zipinda zinamira. Ife tinachedwa kusintha zithunzi, alendo ankabwera ndi ana ndi mipira, kupeza madzi okhaokha. Antchito ankadziwa kuti anthu akunyinyirika koma palibe anandiuza, amaopa kuoneka ngati akuneneza bwana. Ndinamvera pa Booking.com, kumene amalemba ndi okhawo anabukitsa kudzera komweko, ndiye simunganene kuti ndi wansanje. Ndinajambula zatsopano ndi foni, n'kulemba kuti kusambira n'kotsikira pamasitepe. Madandaulo a mchenga anathera pomwepo.

Agogo a ku Nkhata Bay: Za chambo n'zosavuta mwanangu. Mlendo akamalandira kiyi, mufunseni adya chiyani madzulo komanso nthawi yanji. Nsomba ituluke mufiriji masana. Magetsi akazima, madzi atenthetsedwe pambaula, ndowa ifike pakhomo iye asanapemphe. Mlendo amakhululuka gizala yakufa, chimamupweteka n'kuvula zovala kenako n'kuzindikirira m'bafa.

Mayi wa loji, Senga Bay: Ndalemba yankho, tamvani: "Zikomo potichezera. Pepani kuti chakudya chinachedwa ndipo madzi anali ozizira. Tsopano tikumafunsiratu za chakudya mlendo akangofika, ndipo zithunzi tasintha kuti zionetse gombe mmene lilili lero. Komabe mukanatiuza muli konkuno tikanakonza."

Bambo wa ku Mangochi: Chiganizo chomalizacho chotsani. N'choona, koma chikumveka ngati mukuwabwezera mlandu. Kumbukirani kuti adzawerenge yankholi ndi munthu wina amene akusankha pakati pa inu ndi loji yoyandikana nanu. Ndipo musalembe kuti zithunzi mwasintha musanasinthe.

Mnyamata wa bala, Cape Maclear: Nanga kuwalonjeza usiku waulere?

Agogo a ku Nkhata Bay: Ngati mukufuna, aimbireni foni panokha, osalemba poyera, mwina aliyense azidandaula kuti agone ulere. Komanso musawapemphe kuti afufute ndemanga posinthana ndi chipinda.

Mayi wa loji, Senga Bay: Ndamva agogo. Ndachotsa chiganizo chija. Ndikutsikira kunyanja kukajambula dzuwa lisanapendeke, yankho nditumiza ndikabwerako. Amene akudziwa wokonza gizala ku Salima kuno andilembere kumbali.