Khitchini ikuotcha ngati uvuni, ndichite bwanji?

Mayi wa ku Chilobwe:
Abale, ndigawireni nzeru. Ndili pa lendi kuno ku Chilobwe. Khitchini yake ndi kachipinda, malata opanda siling'i, zenera limodzi loyang'anizana ndi mpanda wa aneba. Ndimaphikira anthu 7 katatu pa tsiku, kuwonjezera mandasi ogulitsa amene ndimakazinga 4 koloko m'mamawa. Okutobala uno ndikamavundula nsima masana thukuta limachita kulowa m'maso. Khoma lada bii ndi mwaye, makapu akumata mafuta. Ndinagula fani yoimika ija, koma ikungozunguza mpweya wotentha womwewo, dzana yaulutsira phulusa la pambaula m'ndiwo. Eni nyumba akuti ndisagumule khoma lawo.

Mmisiri wa ku Zomba:
Mayi, faniyo ilibe mlandu. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ukasowa potulukira umabwerera kwa inu amene mwagwira mthiko. Pamafunika polowera m'munsi ndi potulukira m'mwamba. Pemphani eni nyumba muchotse njerwa zitatu pansi penipeni pa denga, pamwamba pa malo ophikira, muikepo njerwa za mabowo zija. Imeneyo ndi ntchito ya theka la tsiku, si kugumula khoma ayi. Muwaonetse mwayewo, ndi penti yawo ikuwonongekayo, amva msanga. Pakadali pano faniyo muiike pazenera iziyang'ana kunja, chitseko chikhale chotsegula, izikoka utsi m'malo mouzunguza.

Achemwali a ku Area 25:
Ine chandiopsa ndi mandasi a m'mamawawo. Nthawi imeneyo mumatseka chitseko poopa akuba, eti? Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka komanso wosanunkha, ngakhale atayaka psuu opanda utsi. Ine unandigwetsapo m'nyengo yozizira: mutu waukulu, chizungulire, miyendo zii, anachita kundikokera panja ndi ana. Mbaula muziyatsira panja, ndipo mukamaliza musaisiye m'nyumba kuti izime yokha anthu akugona.

Agogo a ku Nchalo:
Inu a ku Blantyre mukudandaula kutentha? Bwerani kuno kuchigwa mudzaone. Ife masana sitiphikira m'nyumba, timaphikira pakhonde kapena pansi pa mtengo. Nyemba muziviika usiku. M'mawa zikawira kwa mphindi 20, phulani poto ali chivundikirire, mukulunge ndi bulangete lakale, muike m'dengu. Pofika masana zapsa zokha, makala apulumuka, nyumba sinatenthe.

Mayi wa ku Chilobwe:
Zikomo nonse. Achemwali, mwalasa, chitseko ndimatsekadi, ndipo mutu umandipweteka m'mawa uliwonse, ine kumayesa ndi tulo tosakwana. Kuyambira mawa ndikazingira pakhonde, bambo a kunyumba adzuke andidikirire. Bambo a ku Zomba, njerwa za mabowozo mphaka wa aneba sangalowerepo? Anandimalizirapo kale usipa.