Kodi muzu wa calamus ndi womwa kapena wodzola basi?

MayiWakuDurban:
Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za zitsamba. Kuno ku Durban, m'masitolo a Amwenye amagulitsa muzu wouma wonunkhira kwambiri umene amautcha vacha, pamene Azulu ogulitsa mankhwala pamsika amati ikalamuzi. Wogulitsa wina anandiuza kuti umathandiza m'mimba mukadzaza mpweya ndiponso kuti umakongoletsa tsitsi. Kodi ndingathe kumwa popanda nkhawa?

Mlimi_Wakale:
Mayi, chomera chimenecho ndi Acorus calamus, ndipo chimamera m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, masamba ake ndi aatali osongoka ngati lupanga. Chimene anthu amati muzucho kwenikweni ndi tsinde lokwawa pansi pa nthaka. N'zoona kuti asing'anga a Ayurveda, njira yachikhalidwe yochizira matenda ku India, akhala akuligwiritsa ntchito kuyambira kalekale pa matenda a m'mimba komanso pothandiza munthu kukumbukira zinthu.

Vuto lili m'mafuta ake, momwe muli mankhwala otchedwa beta-asarone. M'chaka cha 1968 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linaletsa kuthira calamus m'zakudya, pambuyo poona kuti makoswe amene anadyetsedwa mafutawa kwa nthawi yaitali anatuluka zotupa za khansa m'matumbo. Mtundu wa ku India ndi umene uli ndi beta-asarone wochuluka zedi, pamene wa ku North America pafupifupi mulibiretu, koma ukauma simungathe kusiyanitsa mitunduyi ndi maso. Popeza wanuwo mwaugula kwa Amwenye, ineyo sindingamwe ayi.

NamwinoWopuma:
Ndikugwirizana ndi bambo ayankha pamwambapa, ndipo ndingowonjeza kuti munthu akamwa wochuluka amasanza kwa maola angapo. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono asauyandikire n'komwe.

Nachisale:
Za tsitsizo wogulitsayo sananame kwenikweni. Ku Korea, pa chikondwerero cha Dano, chimene chimachitika pa tsiku lachisanu la mwezi wachisanu pa kalendala yotsata mwezi, amayi amatsuka tsitsi ndi madzi owiritsamo chomerachi, chimene iwo amachitcha changpo, pofuna kuti lizinyezimira. Opanga mafuta onunkhiritsa thupi nawonso amathiramo pang'ono chifukwa cha fungo lake. Komabe yambani mwapaka pang'ono pamkono n'kudikira tsiku lathunthu, chifukwa khungu la ena limayabwa.

MayiWakuDurban:
Zikomo kwambiri nonse. Umene ndinagula kalewu ndiwiritsa kuti nditsukire tsitsi, za m'mimbazi ndikaonana ndi dokotala Lolemba.