Zotsatira za funso langa pa penti wokhala ndi mtovu

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa lija la momwe ndingaphunzitsire ogwira ntchito yosamalira nyumba zakale kuti adziteteze ku penti wokhala ndi mtovu. Ndinatsatira uphungu woti tiyambe tayezetsa penti tisanakhudze khoma lililonse, ndipo zinapezeka kuti mtovu unali wochuluka pa mafelemu a mawindo ndi zitseko, pamene penti amakhulika n'kusanduka fumbi nthawi iliyonse munthu akatsegula kapena kutseka.

Maphunzirowo tinachitira pamalo a ntchito pomwepo. Aliyense anayeserera kuyala pulasitiki pansi, kunyowetsa penti asanamupale, kupukuta ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa, ndiponso kusintha zovala asanapite kwawo. Mfundo ya zovalayi ndi imene inawakhudza kwambiri, atamva kuti fumbi la pa malaya lingawononge ubongo wa mwana wamng'ono, komanso kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza.

Ndinalakwitsa posawaitana poyamba anthu osesa. Amene mukukonza maphunziro otere, musawasiye kunja, chifukwa ndiwo amakumana ndi fumbilo tsiku ndi tsiku.